Maina asanu papepala limodzi: wobera ndani?

Pa ntchito zonse zimene wophunzira wa ku koleji amapatsidwa, asayimenti ya pagulu ndi imene munthu amaika dzina lake pa zinthu zoti sanalembe, mwinanso sanaziwerenge n'komwe. Mayeso a mu holo alibe vuto limeneli: aliyense ali padesiki pake, ndipo wopezeka ndi likasa m'sokosi sangaloze chala mnzake. Ya pagulu ndi nkhani ina. Anthu asanu agawana mitu, aliyense akalemba kwake, wina aphatikiza zonse, ndipo pepala likamafika kwa mphunzitsi limaoneka ngati latuluka m'mutu umodzi. Malikisi akabwera abwino palibe amafunsa kuti tsamba lakutilakuti analemba ndani. Funsolo limadzuka tsiku limene kalata yatuluka, yoitana onse asanu kuti akayankhe mlandu wobera. Mwa asanuwo, mmodzi amakhala akudziwa chimene anachita. Enawo amakamvera komweko.

Makoleji sangaisiye ntchito ya pagulu, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Namwino, injiniya kapena mlangizi wa zaulimi sagwira ntchito yekha, choncho ndi bwino azolowere akadali pasukulu. Chifukwa china sichitchulidwa kawirikawiri: mphunzitsi amene ali ndi ophunzira 300 akawagawa m'magulu a anthu khumi amachonga mapepala 30 okha. Sindikumunena, nayenso ndi munthu. Koma gulu likamakula ulesi umapeza pobisala. Max Ringelmann, katswiri wa zaulimi wa ku France, anazionetsa kale mu 1913: anthu akamakoka chingwe limodzi, aliyense amachepetsa mphamvu kusiyana ndi mmene amakokera ali yekha. Aliyense amene anadutsa ku koleji akumukumbukira mkulu uja amene ankangotulukira tsiku lolemba maina pachikuto.

Nthawi zambiri zimayenda chonchi. Kwatsala tsiku limodzi, magawo anayi afika, limodzi kulibe. Wophatikiza, amene kawirikawiri amakhala mwini laputopu, alemba pa gulu la WhatsApp: "Aise, gawo lako lili kuti? Mawa 8 koloko tikupereka." Yankho libwera madzulo: "Osadandaula akulu, kuno magetsi anathima, ndikutumizirani usiku uno." Gawolo lifikadi cha m'ma 2 koloko usiku, Chingerezi chake chosalala, ndime zake zaudongo. Wophatikiza uja, maso ali psuu, alimata pamalo pake, akonza manambala a masamba, n'kukagona. Iye sanabere. Koma ndi iyeyo amene apereke pepalalo m'dzina la onse, ndipo mlandu ukadzuka woyamba kuitanidwa ndi iye. Wogwira ntchito yambiri ndiye amaoneka ngati mwini pepala. Mnzake uja akafunsidwa amangoti, "Ine ndinangotumiza manotsi, sindinanene kuti muwaike mmene alilimo."

Njira ina imene osalakwa amakodwera ndi yovuta kuposa apa, chifukwa palibe amene amakhala atafuna kuba. Mphunzitsi anena kuti, "Kambiranani pagulu koma aliyense alembe yekha." Anthu akhala pansi pa mtengo maola atatu, agwirizana mfundo, wina ajambula bolodi pa foni n'kutumizira onse. Akabalalika aliyense alembadi yekha, koma zitsanzo n'zomwezo, dongosolo la mfundo n'lomwelo, ngakhale cholakwika chimene wina anatchula pokambirana chikupezeka m'mapepala onse. Kwa wochonga, uku n'kukoperana. Kwa ophunzira, achita zimene anauzidwa. Malire a pakati pa kuthandizana ndi kuberana amakhala m'mutu mwa mphunzitsi, ndipo mphunzitsi aliyense ali ndi ake.

Vutoli si la makoleji osauka okha. Mu 2012 yunivesite ya Harvard inafufuza ophunzira pafupifupi 125, pafupifupi theka la kalasi ya phunziro lina lonena za nyumba ya malamulo ya ku America. Mayeso ake anali okalembera kunyumba. Mabuku, manotsi ndi intaneti zinali zololedwa, koma kukambirana ndi munthu kunali koletsedwa. Mayankho ambiri atapezeka ofanana, ena mwa ophunzirawo anafotokoza kuti m'kalasiyo anazolowera kugawana manotsi, ndiponso kuti othandizira mphunzitsi ankawalongosolera mafunso ali m'magulu. Pamene yunivesite inkalengeza zotsatira kumayambiriro kwa 2013, oposa theka anali atauzidwa kuti ayambe achokapo kwa kanthawi. Mwa otsalawo, pafupifupi theka anachenjezedwa, ndipo enawo sanapatsidwe chilango chilichonse. Amenewa ndi amene ndimawaganizira kwambiri. Anakhala miyezi akuphunzira mlandu uli pamutu, osadziwa ngati amaliza chaka, kenako n'kuuzidwa kuti palibe nkhani.

Palinso kuberedwa. Laputopu imodzi imazungulira hositelo yonse, fulashi imabwerekedwa n'kubwera mawa, ndipo ntchito ya gulu lanu imapezeka yaperekedwa ndi gulu lina atangosintha maina. Akapereka iwo poyamba, okopera mumaoneka inu. Mapepala awiri ofanana amangoonetsa kuti panali kukopera, sanena kuti anakopera ndani. M'maphunziro a zamakompyuta muli pulogalamu ya MOSS, imene Alex Aiken anapanga mu 1994, yofananitsa ntchito za ophunzira ngakhale wina atasintha maina a zinthu m'katimo. Eni ake omwe amachenjeza kuti imangoloza pofanana, ndipo kuti kugamula zoti wina wabera ndi ntchito ya munthu, osati makina.

Chenjezo limeneli ndi limene limaiwalika msanga pa Turnitin, pulogalamu imene mayunivesite ambiri padziko amagwiritsa ntchito. Imatenga pepala la wophunzira n'kulifananitsa ndi masamba a pa intaneti, zolemba za akatswiri ndi mapepala amene ophunzira ena anaperekapo kale, kenako n'kutulutsa peresenti ya mawu ofanana. Peresentiyo si chigamulo. Imatha kuwerengera mndandanda wa mabuku, mawu amene mwawaika bwinobwino m'mitengero, funso la mphunzitsi limene aliyense analikopera pamwamba, ngakhale dzina la koleji. Pepala la 35 peresenti likhoza kukhala loyera, la 8 peresenti n'kukhala ndi ndime yobedwa yathunthu. Pa ntchito ya pagulu pali msampha wina: mmodzi wa inu akalowetsa pepala kuti "angoona" ndipo makinawo alisunga, tsiku lopereka lenileni pepala lanu likhoza kufanana ndi lanu lomwe pafupifupi lonse. Mphunzitsi amene atsegula lipoti n'kuona kumene kufananako kwachokera amazindikira msanga. Amene amangoyang'ana nambala amalemba kalata.

Chibwerere ChatGPT mu Novembala 2022, milandu ya mtundu watsopano yachuluka, ndipo umboni wake ndi wofooka kuposa wa kale. Pa kukopera wamba, mphunzitsi amatha kuika masamba awiri pamodzi aliyense n'kudzionera. Pa mlandu wa AI, makina olemba ngati ChatGPT, palibe tsamba lachiwiri. Pali pulogalamu yongoyerekeza, poona ngati ziganizo zili zosalala ndi zosadabwitsa monga mmene makina amalembera. Kampani ya OpenAI, imene inapanga ChatGPT, inatulutsa chida chotere mu Januwale 2023 ndipo inachichotsa mu Julayi chaka chomwecho chifukwa chinkalakwitsa kwambiri. Turnitin inatulutsa chake mu Epulo 2023, n'kunena kuti chimanamizira mapepala osakwana 1 pa 100 alionse. Yunivesite ya Vanderbilt inachita masamu: mu 2022 inalowetsa mapepala 75,000, ndiye 1 peresenti ikanakhala mapepala 750 onamiziridwa. Mu Ogasiti 2023 inachizimitsa.

Kwa ife amene Chingerezi tinachiphunzira m'kalasi, nkhaniyi ili ndi mbola yakeyake. Akatswiri a ku Stanford, Weixin Liang ndi anzake, mu 2023 anayesa zida zisanu ndi ziwiri zoterezi pa nkhani 91 zolembedwa ndi anthu amene Chingerezi si chinenero chawo. Zidazo zinanena kuti nkhani zoposa theka zinalembedwa ndi makina, pomwe za ana asukulu a ku America zinazizindikira bwino pafupifupi zonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Wolemba m'chinenero chachiwiri amasankha mawu amene akuwadziwa bwino ndipo ziganizo zake amazimanga mosamala, monga anamuphunzitsira ku sekondale. Kusamala kumeneko ndi kumene chidacho chimakutenga ngati chizindikiro cha makina. Mwana wa ku Dedza kapena ku Chipata amene akuphunzira ku Leeds akhoza kuikidwa pagulu ndi eni chinenero, gawo lake lokha n'kuyaka, gulu lonse n'kumuyang'ana.

Makina ena amene amakhulupiriridwa mopyola ndi osunga mbiri ya zimene wophunzira wachita pa intaneti. Mu 2021 sukulu ya zaudokotala ya ku Dartmouth, ku America, inaimba mlandu ophunzira 17 kuti ankatsegula manotsi pa Canvas, tsamba la pa intaneti la maphunziro awo, ali mkati molemba mayeso kunyumba. Pambuyo pake zinadziwika kuti tsamba losiyidwa lotsegula pa foni kapena pa kompyuta ina limatha kumaoneka ngati likugwiritsidwa ntchito popanda wolikhudza. Mu Juni chaka chomwecho milandu yonse inathetsedwa ndipo mkulu wa sukuluyo anapepesa. Koma chimene chimandikhudza kwambiri pa nkhaniyi si makinawo ayi. Ena mwa ophunzirawo ananena kuti anapatsidwa masiku osakwana awiri oti ayankhe, sanaonetsedwe umboni wonse, ndipo analangizidwa kuti akavomera chilango chikhala chopepuka. Ena anavomeradi. Munthu wosalakwa amatha kuvomera mlandu akaona kuti kukana kumuika pachiswe.

Tsono tifike pa funso lenileni. Tinene kuti kuberako n'koona, ndime ziwiri zinakopedwa, ndipo anakopera ndi mmodzi. Anayi enawo ali ndi mlandu?

Amene amati inde ali ndi mfundo, ndipo si zopepuka. Munasaina pachikuto, mwinanso pansi pa chiganizo chonena kuti ntchitoyi ndi yanu. Munali okonzeka kulandira malikisi a pepala lonse, kuphatikizapo gawo limene simunalembe, ndiye bwanji mukulikana lero poti lanunkha? Akuluakulu anati nsomba ikaola imodzi zaola zonse. Amawonjezanso kuti mukalola aliyense kunena kuti "si gawo langa", magulu adzayamba kusankhiratu mmodzi woti adzasenze mlandu. Ndipo malamulo a makoleji ambiri amanena kuti kukopera ndi mlandu kaya unafuna kaya sunafune.

Ine ndikuona kuti apa pasakanizidwa zinthu ziwiri. Malikisi amayesa pepala, ndipo pepala ndi la onse. Gawo lobedwa likachotsedwa malikisi n'kutsika, gulu lonse limve kuwawa, palibe chodandaula, chifukwa kusawerenga ntchito ya mnzako musanapereke ndi kusasamala. Koma mlandu wobera suyesa pepala, umayesa munthu. Umanena kuti uyu ananama, ndipo umalembedwa m'faelo yake, n'kumutsata pofunsira ntchito kapena maphunziro ena. Mawu oti "kaya unafuna kaya sunafune" amagwira amene analemba ndime popanda kutchula gwero. Sangagwire munthu amene ndimeyo sanailembe, sanadziwe kumene yachokera, ndipo analibe chomukayikitsa.

Ngakhale asayansi akuluakulu, amene amalemba m'magulu tsiku ndi tsiku, amasiyanitsa motero. Mu 2002 zinadziwika kuti Jan Hendrik Schön, wofufuza wa ku Bell Labs, ankapeka zotsatira za kafukufuku zimene zinatuluka m'magazini otchuka a Science ndi Nature. Komiti yotsogozedwa ndi Malcolm Beasley inamupeza wolakwa pa nkhani 16 mwa 24 zimene inaunika. Anzake onse amene maina awo anali pa zolembazo inawapeza opanda mlandu wa chinyengo, ngakhale inafunsa ngati ena mwa iwo anasamala mokwanira poona ntchito ya mnzawo. Ngati akatswiri a zaka zambiri m'labu anapusitsidwa ndi mnzawo ndipo sanatchedwe achinyengo, n'chifukwa chiyani wophunzira wa chaka choyamba ayembekezeredwe kununkhiza ndime yobedwa 2 koloko usiku?

Pali malire, inde. Amene anaona kuti gawo la mnzake ndi lokopera n'kunena kuti "tiyeni tingopereka, sadziwa", walowa nawo. Amene anasonkha nawo ndalama yolipira wolemba asayimenti walowa nawo, ngakhale sanakhudze kiyibodi. Chimene komiti iyenera kufunsa aliyense payekha n'chakuti: unalemba chiyani, unadziwa chiyani, unadziwa liti?

Payekha, ndikubwereza. Kuitana gulu lonse m'chipinda chimodzi n'kufunsa kuti "Wachita izi ndani?" sikutulutsa choonadi. Kwathu kuno kutchula mnzako pamaso pa akuluakulu n'kovuta, makamaka ngati ndi wamkulu kwa iwe, wakumudzi kwanu, kapena amene amakugawira ndiwo mwezi ukafika pakati. Anthu amangoti zii, ndipo komiti imati onse akubisa. Ulemu nawo umatipweteka. Mwana woleredwa bwino akaona mphunzitsi wakwiya amayamba ndi kupepesa asanamve n'komwe mlandu wake. "Pepani sala, sizidzachitikanso," iye akungofuna kuziziritsa mtima wa wamkulu, koma mlembi wa komiti walemba kale kuti wavomera. Ulemu ndi wofunika m'chipinda chimenecho, koma ukhale wa mtundu uwu: "Zikomo sala, ndamva. Ine gawo limenelo sindinalembe, ndipo ndikupempha kuti mundionetse umboni kuti ndiyankhe bwino."

Kupempha kotero si mwano, ndi ufulu. Gawo 43 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994 limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu a maofesi pogamula nkhani yomukhudza atsate malamulo ndi ndondomeko yachilungamo, ndiponso amupatse zifukwa zake polemba. Yunivesite ya boma siili pamwamba pa gawo limeneli. Ku South Africa mfundo yomweyi ili m'gawo 33 la malamulo awo ndi m'lamulo la mu 2000 lolongosola gawolo. Ku England ndi Wales kuli ofesi yapadera, Office of the Independent Adjudicator, yomva madandaulo a ophunzira amene atha njira zonse za pa yunivesite yawo. Kulikonseko mutu wake ndi umodzi: uuzidwe mlandu momveka, uone umboni, upatsidwe nthawi yokonzekera, umvedwe, ndipo wokuneneza asakhalenso woweruza. Dziwaninso kuti komiti ya pasukulu si khoti la milandu ya upandu. Makoleji ambiri amangofuna kuona mbali imene ikuoneka yoona kwambiri kuposa inzake. Choncho kungokana kwamtuwagalu sikukwanira, ngakhale udindo wobweretsa umboni uli kwa woneneza. Wosalakwa amapulumuka msanga akakhala ndi choonetsa.

Ndipo choonetsa chimakhalapo nthawi zambiri, kungoti anthu amachitaya ndi mantha. Gulu la WhatsApp lija ndi mboni yaikulu: muli uthenga wogawana mitu, muli faelo imene aliyense anatumiza ndi nthawi yake. Mlandu ukangomveka, wolakwa amathamangira kufufuta mauthenga kapena kuthetsa gululo, ndiye jambulani zonse tsiku lomwelo ndipo musatulukemo. Ngati munalembera pa Google Docs, mbiri ya pepala imaonetsa amene analemba ndime iliyonse ndi nthawi yake, bola aliyense analowa ndi akaunti yake. Mafaelo akale a Word, maimelo, manotsi a m'kope, mapepala a mafunso amene munayenda nawo m'midzi, zonsezi zisungeni mmene zilili. Musatsegule faelo yakale kuti "muikonze pang'ono", chifukwa tsiku lake lisintha ndipo mboni yanu isanduka yokutsutsani. Musakumanenso pagulu kuti mugwirizane chonena. Nkhani yopangana imasweka pa funso lachitatu, ndipo ikasweka wosalakwa amakhala wanama koyamba.

Zotsalazo n'zachidule. Werengani buku la malamulo a ophunzira, makamaka masiku amene mwapatsidwa oti muyankhe ndi ochita apilo, chifukwa amakhala ochepa. Funsani a bungwe la ophunzira ngati mungapite ndi wokuperekezani. Yankhani polemba ndipo sungani kope lanu. Uzani makolo kapena okulipirirani msanga, ngakhale n'zochititsa manyazi, chifukwa chilango chikakhudza ngongole ya sukulu kapena chitupa chokhalira kunja adzafunika kudziwa nthawi idakalipo.

Umboni wamphamvu kuposa wonse ndi umene uli m'mutu. Amene analemba gawo lake akhoza kufotokoza chifukwa chimene anasankhira chitsanzo chakuti, buku limene analipeza koma osaligwiritsa ntchito, ndi pamene panamuvuta. Wokopera amakakamira pa tanthauzo la mawu amene ali m'ndime yakeyomwe. Mphindi zisanu za mafunso apakamwa kwa aliyense zimaulula zimene peresenti singaulule, ndipo wosalakwa ayenera kuzipempha yekha: "Madamu, ndifunseni chilichonse pa gawo langa."

N'chifukwa chake ndimaona kuti mbali yaikulu ya vutoli ili m'manja mwa opereka asayimenti. Tsamba limodzi lakumapeto lonena kuti wakuti analemba gawo lakuti, losainidwa ndi onse, limathetsa mikangano yambiri isanabadwe. Kulemba momveka pa pepala la funso kuti chololedwa n'chiyani, kaya kugawana manotsi, kaya kugwiritsa ntchito AI pokonza galamala, kumatenga mizere itatu. Kulola wophunzira kudandaula mwakachetechete za mnzake amene sakugwira ntchito tsiku lopereka lisanafike kumapulumutsa wophatikiza uja. Mphunzitsi amene sanachite chilichonse mwa izi, n'kudzalanga anthu khumi chifukwa sangathe kudziwa wolakwa, akulipiritsa ophunzira ngongole ya dongosolo lake lomwe.

Mlandu ukatha bwino, ambiri amangopumira m'mwamba n'kuthawa pa ofesipo. Asanachoke, wophunzira ali ndi zoti apemphe: kalata yonena kuti sanapezeke wolakwa, chitsimikizo choti m'faelo yake simunatsale kanthu, ndi tsiku limene malikisi amene anaimitsidwa atuluke. Ngati kuchedwako kwamuphonyetsa mayeso obwereza kapena mwambo wolandira digiri, ayenera kufunsa polemba kuti koleji ikonza bwanji. Ndipo ngati amene anamuneneza ndi amene adzachonge mayeso ake otsatira kapena kuyang'anira kafukufuku wake wa chaka chomaliza, si kulakwa kupempha mkulu wa dipatimenti kuti pepala lake lidzaonedwenso ndi mphunzitsi wina.